Mbedza ku Kalk Bay

Ine ndinaphunzira kuwedza ku Nkhotakota, kumene madzi sakwera kapena kutsika pa tsiku. Nditafika ku Cape Town ndinachita kuyambiranso. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, madzi amakwera kwambiri.

Pa doko la Kalk Bay zinthu n'zofewa. Khoma lasimenti limatchinga mafunde, ndiye chingwe chopyapyala, kambedza kakang'ono ndi kachidutswa ka sadini zimakwana. Ana amakoka makerele pomwepo, akatumbu akuyandama pafupi kudikira zotsala.

Kumatanthwe a ku Rooi-Els ndi nkhani ina, ndipo ndi kumene mtima wanga uli. Kumeneko timafuna galjoen, nsomba ya fuko la South Africa, yomwe imadya m'madzi a thovu pamene mafunde akuswekera. Nyambo yake ndi rooi-aas, kanyama kofiira komera pamiyala. Kakavunda pang'ono fungo lake limakakamira m'manja mpaka mawa, koma nsombayo imakakonda. Mtovu wolemera ndimaumanga ndi chingwe chofookerapo, kuti ukakodwa m'mwala uduke wokha, nsomba n'kutsala.

Chilolezo n'chofunika. Galjoen saloledwa kuyambira pa 15 Okutobala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, ndipo yosakwana masentimita 35 imabwezedwa m'madzi.

Abale anga obwera kumene, chonde musafulatire nyanja. Ndisanaponye ndimakhala kaye pamwamba n'kumayang'ana mafunde. Thanthwe likakhala lonyowa ndi la ndere, ndiye kuti funde lafikapo, ndipo libweranso.