Kodi Mumadziwa? Makina Oyamwa Chilonda

Kodi mumadziwa kuti zilonda zina zovuta za kumwendo amazichiza poziyamwa ndi makina? Dokotala amadula siponji yapadera molingana ndi chilondacho, n'kuilowetsa mkati, n'kumata pamwamba ndi pulasitiki yopyapyala kuti mpweya usalowe. Kapaipi kamachoka pasiponjipo kupita ku kamakina koyamwa usana ndi usiku. Mafinya ndi madzi otupitsa mwendo zimathera m'kabotolo, milomo ya chilonda imayandikana, ndipo mnofu watsopano wofiira umayamba kumera kuchokera pansi. Siponjiyo amasintha pakatha maola 48 mpaka 72.

Kodi mumadziwa kuti nkhumba zinathandizapo? Louis Argenta ndi Michael Morykwas a pa yunivesite ya Wake Forest ku America anayesa njirayi pa zilonda za nkhumba, ndipo anapeza kuti makina akamakoka pa mlingo wa 125 mmHg, magazi oyenda pachilondapo amachuluka kanayi. Anafalitsa zimenezi mu 1997, pamodzi ndi zomwe anaona pa zilonda 300 za anthu. Mpaka lero zipatala zambiri zimayambira pa 125 yemweyo. Ku Germany, Wim Fleischmann anali atalembapo kale mu 1993 za kuyamwa mabala a anthu othyoka mafupa.

Nanga odwala shuga? Apa ndiye pali nkhani. Phazi la munthu wa shuga likachita chilonda limachedwa kupola, ndipo ambiri amadulidwa chala, kenako phazi, mwinanso mwendo wonse. Mu 2005, David Armstrong ndi Lawrence Lavery anafalitsa mu magazini ya The Lancet kafukufuku wa odwala shuga 162 omwe anali atadulidwa mbali ya phazi. Pakutha pa masabata 16, mwa oikidwa makinawa anapola 56 pa 100 alionse, pomwe mwa omangidwa mabandeji wamba anapola 39. Kwa munthu amene akuopa kutaya mwendo, kusiyana kumeneku si kochepa.

Koma kodi mumadziwa kuti si paliponse pomwe makinawa amaposa bandeji? Ku Britain, kafukufuku wotchedwa WOLLF anatsata anthu 460 othyoka mwendo moopsa mpaka fupa kuonekera. Zotsatira zake zinatuluka mu 2018: patatha miyezi 12, a makina ndi a bandeji wamba sanasiyane pa kagwiritsidwe ntchito ka mwendo wovulalawo. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi iyenera kunenedwa mokweza, chifukwa achibale ena amadandaula kuti wodwala wawo wamanidwa chithandizo chabwino, pomwe chachikulu ndi kutsuka bala msanga ndi kuchotsa mnofu wonse wakufa. Makina saikidwa pa mnofu wowola, pa fupa lomwe lili ndi matenda osachizidwa, pa chilonda cha khansa, kapena pomwe mtsempha wa magazi uli poyera.

Kodi mumadziwa kuti makinawa akhoza kupha? Mu 2011 bungwe la FDA ku America linalengeza kuti kuyambira 2007 linali litalandira malipoti a anthu 12 omwalira ndi 174 ovulala, ndipo vuto loopsa kwambiri linali kutaya magazi. Magazi ofiira akayamba kudzaza m'kabotolo, zimitsani makina, itanani namwino pompo.

Makinawa akazima kupitirira maola 2, siponji iyenera kuchotsedwa chifukwa majeremusi amaswana pansi pa pulasitiki. Kwathu kuno komwe magetsi amathimathima, batire ndi lofunika ngati makina enieniwo.

Ndipo kodi mumadziwa kuti ilipo pampu yosalira magetsi? Danielle Zurovcik, ali wophunzira pa yunivesite ya MIT, anapanga yopopa ndi manja ya mtengo wa madola 3 okha, ndipo mu 2010 anapita nayo ku Haiti kukathandiza ovulala pa chivomerezi.