KUTHAMANGA SI KWA ANA OKHA

Nkhani ya pa wailesi kwa alimi ndi mafumu a ku Uraha ndi midzi yoyandikana nayo, m'boma la Karonga

Lero sindilankhula za mbeu kapena za dibi la ng'ombe ai. Ndifuna tikambirane za thupi la mwini munda, makamaka la bambo kapena mai amene wapitirira zaka 40, amene ana ake oyamba akula ndipo imvi zayamba kuoneka.

Tiyerekeze kuti mawa m'mamawa mwaona munthu wotere akuthamanga m'njira ya ku Uraha. Sanaputidwe ndi njuchi, sakupirikitsa ng'ombe yolowa m'munda, ndipo kwao kulibe matenda. Angothamanga basi. Ndidziwa zimene mudzanena. Ena mudzati mutu wasokonekera, ena mudzati afuna kukalowa usilikali ku Chilumba atakalamba kale, ndipo ana adzamtsata pambuyo akuseka. Kwathu kuno munthu wamkulu ayenera kuyenda mofatsa, pakuti liwiro ndi la ana ndi mbala. Koma imvani poyamba chimene chingamchititse munthu ameneyo kuvula ulemu wake ndi kuyamba kuthamanga.

Ambiri a inu mudziwa anthu a kafukufuku a ku Chilumba, amene anayamba nchito yao mu 1979 pofufuza za khate, ndipo masiku ano atchedwa MEIRU. Kuyambira mu 2013 kufikira 2016 iwo anayenda khomo ndi khomo m'midzi ya kumwera kwa Karonga napima anthu akuluakulu 13,878, napimanso ena 15,013 mumzinda wa Lilongwe. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2018. Mwa amuna 100 alionse a kumudzi, 13 anapezeka ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, imene ambiri tiitcha BP. Mwa akazi 100, anali 14. Ku Lilongwe amuna anali 16, akazi 14. Mwaona kuti kusiyana kwake ndi kochepa. Tsono tileke kunena kuti iyi ndi nthenda ya mabwana a m'tauni. Anapezanso kuti mwa akazi 100 a kumudzi, 27 anali onenepa kupitirira muyeso, ndi mwa amuna 9. Koma chodetsa nkhawa koposa ndi ichi: mwa anthu 100 amene anapezeka ndi BP, 58 sanali kudziwa kuti ali nayo. Kumbukiraninso kuti m'chiwerengero chimenechi muli anyamata ndi atsikana a zaka 18. Pakati pa a msinkhu wathu nthendayi ichuluka koposa pamenepo.

Nanga nthendayi ichita chiani m'thupi? Mtima uli ngati pampu yothirira dimba, ndipo mitsempha ya magazi iri ngati mapaipi ake. Munthu akamakula, akamadya mchere wambiri, akamanenepa ndi kukhala pansi nthawi yaitali, mapaipi aja auma nachepa m'kati, ndipo mtima ukankha magazi mwamphamvu yopitirira. Zimenezi sizipweteka. Munthu adya bwino, aseka, apita kumaliro ndi kumsika monga mwa masiku onse, zaka ndi zaka. Tsiku lina kamtsempha ka m'mutu kaphulika kapena katsekeka, ndipo bambo uja agwa, mbali imodzi ya thupi nkufa, pakamwa nkupotoka. Pamenepo pa mudzi payamba kulozana zala kuti wina wamlodza. Koma taganizani za banja lake. Mkazi asiya munda kuti adzimsambitsa ndi kumdyetsa. Ng'ombe igulitsidwa. Mwana amene anali ku sekondale abwerera kumudzi chifukwa fizi yasowa. Munthu mmodzi wadwala, koma nyumba yonse yagwa naye.

Tsono mudzandifunsa kuti, “Kodi ife alimi sitigwira nchito yokwanira kale?” Funso limeneli ndi labwino, ndipo ndiyankha mosabisa. Inu amene muunga mizere kuyambira mbandakucha, inu amene muoka mpunga m'matope ku Hara, inu opalasa bwato, ndi inu amai osenza nkhuni ndi madzi mtunda wautali, thupi lanu lilandira kale nchito imene lifuna. Musaonjezepo kuthamanga pa nyengo ya dzinja pamene nkhokwe yapepuka. Koma tawerengani pa mudzi panu anthu amene anaisiya nchito yotere. Mfumu itandala pa mpando kuweruza milandu. Mwini golosale akhala kuseri kwa tebulo kuyambira m'mawa kufikira usiku. Alipo aphunzitsi, alipo amai ogulitsa usipa pa msika, alipo amene anabwera kuchokera ku tauni kapena ku Joni ndipo munda alimitsa aganyu. Ulendo umene kale tinali kuyenda pansi, lero tikwera njinga yamoto ya kabaza. Chigayo chinalanda nchito ya mtondo. Zonsezi ndi zabwino, ndipo sindinena kuti amai abwerere kukasinja. Chobvuta ndi chakuti nchito yachepa koma mbale ya kondowole sinachepe, ndipo masupuni a shuga mu tiyi achita kuonjezeka. Ngakhale mlimi weniweni, akakolola, miyezi ya chilimwe aithera pa bawo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2020 kuti munthu wamkulu afunika mphindi zosachepera 150 pa sabata za nchito yotenthetsa thupi pang'ono, monga kuyenda ndawala, kapena mphindi 75 za nchito yopumitsa wefuwefu, monga kuthamanga. Apa ndi pamene pali ubwino wa kuthamanga kwa munthu wotanganidwa ndi banja: mphindi 25 zokha, masiku 3 pa sabata, zakwana. Sikufuna ndalama, sikufuna chipangizo. Mtima wozolowera kuthamanga ulimba, mitsempha ifewa, BP itsika, shuga wa m'magazi agwiritsidwa nchito, ndipo tulo tibwera bwino.

Musaganize kuti uwu ndi mwambo wa Azungu. M'masiku a Nyasaland, magalimoto asanachuluke, makalata a Boma anali kunyamulidwa ndi amuna oyenda pansi, ndipo mfumu iriyonse inali ndi amithenga ake a miyendo yopepuka. Inu a ku Uraha muli ndi mbiri yakale kuposa imeneyi. Mu 1991 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk wa ku Germany ndi Timothy Bromage wa ku America linatola pa phiri lanu chibwano cha munthu wakalekale, nachilemba nambala UR 501. Iwo ati chakhala m'nthaka zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, ndipo chiri pakati pa mafupa akale koposa a mtundu wa anthu amene apezeka pa dziko lonse. Mbiri yake mungakaione ku nyumba yosungiramo zakale pa Karonga boma, imene inatsegulidwa mu 2004. Chibwano sichinena kanthu za miyendo. Koma m'chaka chomwecho cha 2004 akatswiri ena awiri, Dennis Bramble ndi Daniel Lieberman, atayerekeza mafupa a anthu akale ndi a anyani, analemba kuti kuyambira zaka pafupifupi 2 miliyoni zapitazo thupi la munthu liri ndi zonse zoyenera ulendo wautali wothamanga: miyendo yaitali, mtsempha wolimba wa kuchidendene umene ufwamphuka ngati uta, minofu yaikulu ya m'matako, ndi khungu lotulutsa thukuta. Galu akuposani liwiro, koma dzuwa likatentha atopa msanga, pakuti iye adziziziritsa ndi lilime. Zipangizo zimenezi muli nazo nonse, ngakhale mwa ena zachita dzimbiri.

Nanga muyambe bwanji? Musayambe ndi miyendo, yambani ndi chipatala. Pitani mukapimitse BP, ndipo mupemphe kuti akuyezeninso shuga. Ngati manambala afika pa 140 ndi 90 kapena kupitirira, ndipo atero masiku osiyana, ndiye kuti nthenda ija iripo. Akakupatsani mankhwala, imwani tsiku ndi tsiku. Kuthamanga kuthandiza mankhwala koma sikulowa m'malo mwake. Ngati mumamva kupweteka m'chifuwa, ngati miyendo imatupa, ngati muli ndi mphumu, kapena mai ali ndi pakati, muuzeni dotolo zimene mufuna kuchita ndipo mumvere zimene anena.

Masabata 2 oyamba musathamange konse. Yendani ndawala mphindi 20, masiku 3 pa sabata, ndipo pakati pake pakhale tsiku lopuma. Sabata lachitatu yambani chotere: thamangani pang'onopang'ono mukuwerenga kufikira 60, kenaka yendani mukuwerenga kufikira 120, ndipo bwerezani kasanu ndi kamodzi. Sabata liri lonse talikitsani pang'ono kuthamanga ndi kufupikitsa kuyenda. Pakatha miyezi 2 kapena 3, ambiri akhoza kuthamanga mphindi 20 osaima. Ngati mulibe wotchi, bwalo la mpira likuthandizani: kuzungulira bwalo lokwanira katatu ndi kilomita imodzi ndi kapang'ono.

Cholakwa chachikulu cha amuna a msinkhu wathu ndi kukumbukira unyamata. Munthu akumbuka kuti anali kuthamangira sukulu yake, tsono tsiku loyamba lomwe aliyatsa liwiro ngati wa zaka 18, ndipo mawa lake alephera ngakhale kunjuta. Basi, wasiya. Akulu anati kuthamanga sikufika. Muyeso wake ndi uwu: ngati mwakumana ndi mnzanu ndipo simungathe kumpatsa moni wonse ndi kufunsa za ana osabanika, mwafulumiza. Nchafu kuwawa masiku awiri si kanthu, kudzatha. Koma bondo kapena kakolo akapweteka kufikira mutsimphina, pumani kufikira atapola. Ndipo mukamva chifuwa kuthina, chizungulire, kapena mtima kugunda mosokonezeka, imani pomwepo ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Thupi likatentha ndi malungo musayese nkomwe.

Kuno kunyanja kutentha mukudziwa, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Thamangani dzuwa lisanakwere kapena litapendeka, ndipo imwani madzi. Nsapato zofewa za pa kaunjika zikwana.

Tsopano za m'nyumba, pakuti ambiri amene asiya kuthamanga sasiya chifukwa cha bondo koma chifukwa cha mau a pakhomo. M'mawa ndi nthawi imene nchito ichuluka: madzi, moto, phala la ana a sukulu, ng'ombe zofuna kutuluka m'khola. Bambo akangodzuka ndi kuchoka osanena kanthu, nasiya zonsezi pa mutu wa mkazi, asadabwe akamva funso lakuti kodi kumene muthamangirako kuli yani. Khalani pansi, muuzeni mai wa kunyumba zimene anakuuzani kuchipatala, muonetseni kabuku kanu, ndipo mugwirizane za masiku ake. Ndipo inu abambo, manambala aja mwawamva: onenepa ambiri ndi amai, koma ndi iwonso amene asowa mpata. Ngati inu muthamanga Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, nchiani chikuletsani kuyang'anira ana Lachiwiri ndi Lachinai kuti mai apite ndi anzake? Mphindi 25 mphika wa nyemba sunapse nkomwe. Mwana wa sukulu angathenso kutsagana ndi atate wake. Adzawasiya m'mbuyo, koma zimene akambirane pobwerera mwina sakanazikamba pakhomo.

Pewani mseu waukulu wa M1 ngati mungathe, pakuti malole opita ku Songwe sasamala munthu. Ngati palibe njira ina, khalani ku dzanja lamanja kuti muziona galimoto ikubwera. Ku India kunali mlimi dzina lake Fauja Singh, amene atakalamba anasamukira ku England nayamba kuthamanga pofuna kuiwala chisoni cha imfa ya mkazi wake ndi mwana wake. Mu 2000, ali ndi zaka 89, anatsiriza mpikisano wa makilomita 42 mu London, ndipo anapitiriza zaka zambiri. Chimene chinamupha mu 2025 si mtima ai. Anagundidwa ndi galimoto pa mseu wa kumudzi kwao.

Mau otsiriza ndi anu mafumu ndi nyakwawa. Mudziwa kuti munthu wachikulire akaoneka akuthamanga mumdima, pa mudzi padzamveka kuti ndi mbala kapena mfiti yochedwa kubwerera, ndipo mudziwanso kuti mau otere avulazitsa okalamba osalakwa m'dziko muno. Chifukwa chake uzani anthu anu kuti azithamanga kutayera, awiriawiri kapena atatu, osati yekha. Koma choposa, nenani nkhaniyi pa msonkhano wa mudzi, kuti aliyense adziwe kuti uje ndi uje athamanga chifukwa cha BP ndipo mfumu idziwa. Pemphani a komiti ya sukulu kuti bwalo la mpira likhale la akulu m'mawa ana asanafike. Amai abvale buluku m'kati mwa chitenje, ndipo mnyamata wowaseka aitanidwe kubwalo. Amuna akabvina mapenenga thukuta liri kamukamu palibe amene anena kuti ataya ulemu. Ndipo ngati mfumu yeniyeni iyamba kuyenda ndawala pamodzi ndi nduna zake, kuseka kudzatha sabata lomwelo.

Pakatha miyezi 3, tengani kabuku kanu ka kuchipatala mukapimitsenso, ndipo muyerekeze manambala atsopano ndi akale. Tsalani bwino.