Malinga a ku China m'nyengo yacisanu

Ife a ku Avondale timadzitama ndi mipanda ya nyumba zathu, koma mukafika ku Pingyao, m'cigawo ca Shanxi ku China, mudzacita manyazi. Linga lozinga mzindawo linamangidwanso mu 1370, ndipo kulizungulira ndi makilomita 6.

Mu January alendo amacepa, koma kuzizira kwake, June wa kuno ndi mwana. Magolovu musaiwale. Ku Badaling, kufupi ndi Beijing, masitepe a Great Wall amaterera ndi madzi oundana, conco kwerani mogwira khoma.

Nanga malingawo anachinjirizadi dziko? Mu 1644 mkulu wa asilikali Wu Sangui anatsegulira Amanchu cipata ca Shanhaiguan, iwo n'kulowa mpaka kukalanda Beijing.