Kucheka khutu kuti bowo la ndolo likule: zomwe muyenera kudziwa lumo lisanafike pakhungu

Kuboola makutu si nkhani yachilendo mu Blantyre. M'masaluni a ku Limbe, ku Ndirande kapena pakati pa tauni, munthu amalowa alibe bowo n'kutuluka atavala ndolo, ndipo ana ena amabooledwa kunyumba ndi singano akadali kumsana. Koma pa TikTok ndi Instagram achinyamata akuonanso mtundu wina: makutu a mabowo aakulu oti chala n'kulowa, momwe amaikamo kachitsekerero ka mtengo, ka galasi kapena ka chitsulo.

Pali njira ziwiri zofikira bowo lotere. Yoyamba ndi kulitanula pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri. Yachiwiri ndi yachidule: kucheka mnofu wa m'munsi mwa khutu ndi kampeni ka opaleshoni, komwe pa intaneti amakutchula kuti scalpelling. Njira yachiwiriyi ndi opaleshoni ndithu ngakhale ichitikire mu saluni, ndipo khutu likachekedwa silibwerera mwakale palokha.

Kodi kucheka kumasiyana bwanji ndi kutanula?

Bowo wamba la ndolo limakhala pafupifupi milimita 1. Wotanula amasintha chovala m'khutu n'kuikamo chokulirapo pang'ono, kawirikawiri osapitirira milimita 1 pa nthawi, kenako amadikira mwezi kapena kuposerapo kuti khungu lizolowere. Kuti bowo lifike mamilimita 10 pamatha chaka, mwinanso kuposa. Zikachitika mofatsa, sipatuluka magazi chifukwa khungu silinadulidwe.

Wocheka amalumpha miyezi yonseyi tsiku limodzi. Amang'amba mnofu, nthawi zina amachotsa kachidutswa, n'kulowetsa chotsekera chachikulu pabala laliwisi kuti lipolere mochizungulira. Ena amasankha njirayi chifukwa chofuna zachangu. Ena amatero chifukwa bowo lakale lidabooledwa m'munsi kwambiri, kapena lili ndi chipsera cholimba chomwe chikukana kutanuka.

Kusiyana kwake kumaonekera tsiku lomwe munthu watopa nazo. Bowo lotanulidwa mofatsa, ngati silinapitirire mamilimita 6 mpaka 8, nthawi zambiri limachepa likasiyidwa, ngakhale matupi amasiyana ndipo palibe angakulonjezeni. Bowo lochekedwa limapola pa kukula komwe lidadulidwa, ndipo mnofu wochotsedwa sumeranso.

Makolo athu ankazidziwa izi

Kukulitsa bowo pathupi sikudayambe ndi intaneti. David Livingstone atayenda m'chigwa cha Shire mu 1859 adalemba za amayi achimang'anja omwe ankavala pelele pamlomo wa m'mwamba. Mtsikana ankabooledwa kabowo kakang'ono n'kuikamo kamtengo, ndipo pakapita nthawi ankasinthamo kokulirapo mpaka pelele italowa. Pakati pa Angoni, makutu oboola anali chizindikiro cha mtundu. Amayi achiyao ankavala chipini pamphuno, ndipo mphini zinali paliponse. Kunja kwa dziko lino, Amasai a ku Kenya ndi Tanzania amadziwika ndi makutu otanuka mpaka lero.

Choncho nkhani pano si yoti mchitidwewu ndi wachizungu kapena wachimalawi. Nkhani ndi yoti lero tikudziwa zomwe lumo limodzi lingasamutse kuchoka kwa munthu wina kupita kwa mnzake, komanso zomwe bala limachita pakhungu lakuda.

Chotupa cha pachipsera: vuto lalikulu kwa ife

Mwina mudaonapo munthu mu minibasi ali ndi chotupa cholimba, chonyezimira, cholendewera kuseri kwa khutu ngati nthudza kapena kuposa. Madokotala amachitcha keloid. Chimabwera thupi likapitiriza kupanga mnofu wa chipsera bala litapola kale, mpaka chipseracho n'kukula kupyola malire a bala lenilenilo.

Keloid si khansa ndipo sapatsirana, koma amayabwa, nthawi zina amapweteka, ndipo satha yekha. Amagwira kwambiri anthu a khungu lakuda kusiyana ndi azungu, amakonda achinyamata a zaka za pakati pa 10 ndi 30, ndipo amayenda m'banja. Makutu, chifuwa, mapewa ndi msana ndi malo omwe amamera kawirikawiri. Saonekeranso pomwepo: amatha kuyamba patapita miyezi bala litapola, munthu akuganiza kuti zonse zidayenda bwino.

Apa ndi pomwe mavidiyo ambiri a pa intaneti amasocheretsa. Khutu la munthu wa ku London kapena Berlin lomwe lapola bwinobwino silikuuzani momwe khutu lanu lidzapolere. Ngati kabowo ka singano kamatha kudzutsa keloid, bala la kampeni ndi lalikulu kuposa pamenepo.

Musanaganize zocheka, dziyang'aneni. Onani mabowo akale a ndolo, chipsera cha katemera pamkono, malo omwe mudapsa kapena kutemedwa, ndi zipsera za ziphuphu pachifuwa. Funsaninso ngati mayi, bambo kapena abale anu ali ndi zotupa zotere. Yankho likakhala eya, khutu lanu lisakhudzidwe ndi lumo.

Matenda odzera m'magazi

Mnofu wa khutu umatulutsa magazi ambiri ukachekedwa. Chida chomwe chakhudza magazi a munthu wina chingakupatseni matenda a chiwindi a Hepatitis B ndi C, komanso kachilombo ka HIV. Mwa zitatuzi, Hepatitis B ndi yemwe amafala mosavuta: kachilombo kake kamakhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa masiku osachepera 7, ngakhale magazi atauma osaonekanso ndi maso.

Dziko la Malawi lidayamba kupereka katemera wa Hepatitis B kwa ana mu 2002, pamodzi ndi akatemera ena a kusikelo. Izi zikutanthauza kuti ambiri obadwa chakachi chisanafike sadalandire katemerayu ali ana.

Kupukuta chida ndi spiriti, kuchiviika mu jiki mwachangu kapena kuchidutsitsa pa lawi la kandulo sikokwanira. Kuchipatala kampeni ka opaleshoni kamachokera m'paketi yomata, kamagwira munthu mmodzi n'kutayidwa, ndipo zida zina zimaphikidwa m'makina a nthunzi yotentha kwambiri. Chotsekera chomwe chikulowa pabala chimafunika ukhondo womwewo. Bala lochekedwa ndi chida chakuda lingalowetsenso kafumbata.

Mavuto ena

Bala likalowa tizilombo limatupa, kutentha ndi kuchucha mafinya. Matendawa akakwera n'kufika pa chicherewecherewe cha khutu, mbali yolimba ya m'mwamba ija, amavuta kuchiza chifukwa kumeneko magazi amafika ochepa, ndipo khutu limatha kupindika mpaka kalekale.

Wocheka akasiya mnofu wochepa m'munsi mwa bowo, magazi sayenda mokwanira. Kamnofuko kamawonda, kamatha kufa, kapena kuduka tsiku lomwe chotsekera chakodwa m'malaya, m'chipewa cha kabaza kapena m'dzanja la mwana. Ena thupi lawo limadana ndi zitsulo zotchipa zokhala ndi nickel, ndipo khutu limayabwa ndi kunyeka. Zotsekera za mtengo, fupa kapena pulasitiki siziyenera kuikidwa pabala laliwisi chifukwa zimasunga tizilombo.

Chiopsezo chimakula kwa odwala shuga, omwe chitetezo cha m'thupi chatsika, omwe magazi awo amachedwa kuundana, ndi omwe akumwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin. Mwana sayenera kuchekedwa khutu pofuna kukongoletsa.

Ndani ali ndi chilolezo chocheka?

M'dziko muno bungwe la Medical Council of Malawi ndi lomwe limalembetsa madokotala ndi ma clinical officer. Satifiketi ya usaluni kapena yojambula ma tattoo siipatsa munthu maphunziro a opaleshoni. Jakisoni wochititsa dzanzi, monga lidocaine, nayenso ndi mankhwala a kuchipatala: akaperekedwa mopitirira muyeso amasokoneza mtima ndipo munthu amatha kukomoka. Wina akakuuzani kuti akubayani dzanzi m'kachipinda ka kuseri kwa shopu, imeneyo ndi mbendera yofiira.

Ku England nkhani zotere zidafika kukhoti. Mu 2018 khoti la apilo lidagamula kuti kuvomera kwa kasitomala sikuteteza munthu yemwe si dokotala akamuvulaza kwambiri pomusintha thupi. Mu 2019 Brendan McCarthy wa ku Wolverhampton adalamulidwa kukhala m'ndende miyezi 40 atachotsa khutu la kasitomala wina ndi kung'amba lilime la wina, ngakhale eni ake adavomera. Mlanduwu unali wa zinthu zazikulu kuposa kukulitsa bowo la ndolo, koma ukusonyeza kuti kusainitsa pepala sikusandutsa munthu dokotala.

Ngati mwachekedwa kale

Sambani m'manja ndi sopo musanagwire khutu. Tsukani bala kawiri pa tsiku ndi madzi owiritsa, ozizira, othira kamchere pang'ono, ndipo musamazungulitse chotsekera. Musathirepo phulusa, mankhwala otsukira mano, mafuta odzola kapena zitsamba. Pewani kugonera mbali imeneyo.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukaona izi:

- magazi sakusiya ngakhale mwapanikiza ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10;
- kutupa ndi ululu zikukula m'malo mochepa, kapena zikukwera khutu lonse;
- mafinya onunkha, kutentha thupi kapena mwanabere m'khosi;
- mnofu wa m'munsi mwa bowo wazizira, wachita dzanzi kapena wasintha mtundu;
- nsagwada zikuuma, zomwe zingakhale chizindikiro cha kafumbata.

Ngati mukukayikira kuti chidacho chidagwirapo munthu wina, musadikire zizindikiro. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira n'kofunika. Funsaninso za kuyezetsa Hepatitis B ndi jakisoni wa kafumbata. Mungayambire pa chipatala chaching'ono cha kwanuko monga cha Limbe, Ndirande, Zingwangwa, Bangwe kapena Chilomoni, komwe angakutumizeni ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chomwe ambiri amati Gulupu, komwe kuli gawo loona za makutu, mphuno ndi khosi. Auzeni azaumoyo zoona zake za momwe balalo lidabwerera. Kubisa kumangochedwetsa thandizo.

Kodi khutu lingakonzedwenso?

Inde, koma ndi opaleshoni ina. Dokotala amadula khungu la m'mphepete mwa bowo n'kusoka mnofu wotsalawo kuti upangenso khutu. Pamatsala chipsera, ndipo khutu limatha kuchepa kapena kusiyana ndi linzake.

Keloid ndiye amavuta kwambiri. Akangodulidwa popanda chithandizo china, nthawi zambiri amameranso, mwina kuposa kale. N'chifukwa chake madokotala amaphatikiza kudula ndi majakisoni obaya m'chotupamo monga triamcinolone, omwe amabwerezedwa kwa miyezi ingapo, komanso zopanikiza khutu. Kumanga chotupa ndi ulusi, kuchidula ndi lezala kapena kuchiwotcha kunyumba kumangopanga bala latsopano lomwe lingabale chotupa china.

Musanasankhe

Khutu ndi lanu, ndipo munthu wamkulu ali ndi ufulu wosankha maonekedwe ake. Koma ngati mulibe mbiri ya keloid ndipo mukufunabe bowo lalikulu, kutanula mofatsa kuli ndi chiopsezo chochepa kuposa kucheka, ndipo kumakupatsani mpata wosintha maganizo bowo lisanakule. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukamva ululu kapena kuona magazi potanula, ndiye kuti mwafulumira: bwererani pa chovala chocheperapo ndipo dikirani.

Ganiziraninso za mawa. Malo ena a ntchito ali ndi malamulo a kavalidwe, ndipo kukonzetsa khutu kungakudyereni nthawi ndi ndalama zambiri kuposa zomwe mudalipira policheka. Ngati bowo lanu lakale lidakhota kapena lang'ambika, kaonetseni kwa dokotala musanalole wina aliyense kulikhudza ndi mpeni.