Lumo kapena sukulu: chisankho chomwe khoti lidathetsa

Mwana akasankhidwa kupita kusekondale, pakhomo pamakhala nthungululu. Koma kwa mnyamata wina wa Chirasita yemwe adasankhidwa kupita ku Malindi Secondary School ku Zomba, chimwemwecho chidathera pachipata. Adauzidwa kuti ayambe wameta madiredi ake, apo ayi m'kalasi salowamo.

Zoterezi zidachitikiranso kamtsikana kena pasukulu yapulaimale ya Blantyre Girls.

Kwa Marasita, tsitsili si fasho. Iwo amati ndi chowinda chawo kwa Mulungu, ndipo amatsamira pa Numeri 6:5, pomwe Mnaziri adaletsedwa kupititsa lumo kumutu. Choncho makolo ambiri ankangotsala ndi njira ziwiri zowawa: kumeta mwana n'kuswa chikhulupiriro, kapena kusakasaka ndalama za sukulu yolipira. Osowa ndalamazo ana awo ankangokhala pakhomo.

Chizolowezi chokana tsitsi lalitali n'chakalekale. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi wa Dr Hastings Kamuzu Banda, amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Lamulolo lidatha pobwera demokalase, koma m'sukulu za boma maganizowo adatsalira.

Mabanja a ana awiriwa adakadandaula kubwalo lalikulu la milandu ku Zomba. Mu Januwale 2020, Jaji Zione Ntaba adapereka chiletso choti ana a Chirasita azilandiridwa m'sukulu podikira kuti mlandu uthe.

Chigamulo chenicheni chidabwera pa 8 Meyi 2023. Bwalolo lidati kukakamiza anawa kumeta n'kuphwanya malamulo aakulu a dziko lino, omwe gawo 25 limapatsa munthu aliyense ufulu wa maphunziro pomwe gawo 33 limateteza ufulu wa chipembedzo. Lidalamulanso unduna wa zamaphunziro kuti pofika pa 30 Juni chaka chomwecho ukhale utadziwitsa sukulu zonse za boma kuti zisamabwezenso anawa.

Nkhaniyi si ya Marasita okha. Mu 2019 ku Balaka kudabuka mkangano pakati pa Asilamu ndi a mpingo wa Anglican pa nkhani ya hijabu. Mu 2021, atsogoleri a zipembedzo, mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, adagwirizana kuti atsikana a Chisilamu azivala hijabu yogwirizana ndi yunifolomu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma.

Kholo lomwe mwana wake wabwezedwa kaamba ka chipembedzo lisangobwerera kunyumba n'kukhala chete. Liyambe lakambirana ndi mphunzitsi wamkulu komanso komiti ya sukulu, ndipo zikakanika likatule dandaulo ku ofesi ya zamaphunziro ya m'boma lawo kapena ku Malawi Human Rights Commission.