KHOMA LA PA MTSINJE NDI NSOMBA ZA TROUT

Kumadzulo kwa dziko la United States of America kuli mtsinje waukulu, dzina lace Colorado. Umayambira m'mapiri atali ochedwa Rocky Mountains, nuyenda m'dziko louma la miyala yofiira, nudutsa m'cigwa cozama kwambiri ca Grand Canyon. Dzinalo ndi la Cisipanishi, ndipo linena za kufiira, pakuti kale madzi ace anali ofiira ndi matope.

Masiku amenewo mtsinjewo unali kudzilamulira wokha. M'miyezi ya May ndi June cipale cofewa ca pamwamba pa mapiri cinali kusungunuka, ndipo mtsinje unali kusefukira ndi mkokomo waukulu. Citapita cigumulaco, madzi anali kuphwera. M'cirimwe anali kufunda kufikira madigiri 25 kapena kuposa, ndipo m'nyengo yacisanu anali kuzizira pafupifupi kuundana. Nsomba za m'menemo zinazolowera moyo wotere kuyambira kalekale.

Kumanga khoma

Boma la dzikolo linafuna kusunga madzi a zaka zabwino kuti athandize anthu m'zaka za cilala, ndiponso linafuna magetsi. Cotero linamanga damu la Glen Canyon m'cigawo ca Arizona, pafupi ndi mzinda wa Page. Khoma lace ndi la simenti, lotalika mamita 216 kucokera pa maziko. Mu 1963 zitseko zinatsekedwa, ndipo madzi anayamba kuunjikana kumbuyo kwa khomalo. Nyanja imene inabadwa pamenepo inachedwa Lake Powell, pokumbukira John Wesley Powell, amene anatsika mtsinjewo ndi mabwato mu 1869. Nyanjayo ndi yaikulu ndithu, kotero kuti inadzaza koyamba mu 1980, zitapita zaka 17.

Kuyambira pamenepo madzi oyenda kumunsi kwa khoma ndi okhawo amene anthu awatulutsa. Amalowa m'mipope ikuluikulu isanu ndi itatu, napukusa makina opanga magetsi, natulukira patsinde pa khoma. Pakamwa pa mipopeyo pali pansi kwambiri: nyanja ikadzaza, pamakhala mamita ngati 70 kucokera pamwamba pa madzi.

Cifukwa cace madzi anazizira

Munthu wosambira padziwe lozama m'mwezi wa October amadziwa kuti madzi a pamwamba ndi ofunda, koma kumapazi kumazizira. Dzuwa limafunditsa madzi a pamwamba okha, ndipo madzi ofunda ndi opepuka, cotero amayandama pamwamba pa ozizira. M'nyanja yozama ziri cimodzimodzi. Popeza mipope ya Glen Canyon imamwa madzi a pansi, kwa zaka zambiri mtsinje unali kutuluka pa khomalo wozizira madigiri ngati 8, cirimwe ndi cisanu comwe.

Kusintha kwaciwiri kunali kwa matope. Madzi akalowa m'nyanja amaleka kuthamanga, ndipo mcenga ndi dothi zimene ananyamula zimamira. Tsono mtsinje wofiira uja unasanduka woyera mbee, wooneka pansi. Kuwala kwa dzuwa kunafika pa miyala ya pansi, ndere zobiriwira zinamera, ndipo m'nderemo munaswana tizirombo tambiri ta m'madzi.

Nsomba yokonda madzi ozizira

Madzi otere ndiwo amakondedwa ndi nsomba yochedwa trout. Nsomba imeneyi imafuna mpweya wambiri wa okosijeni, ndipo madzi ozizira ndiwo amasunga mpweyawo kopambana ofunda. Madzi akafunda kupitirira madigiri 20, trout imayamba kubvutika, ndipo akafika ca ku 25 imafa. Cifukwa ca cimeneci m'maiko a kuno imapezeka m'timitsinje ta pamwamba pa mapiri pokha, monga ku Nyika, ku Zomba ndi ku Mulanje m'Malawi, ndi ku Nyanga m'Zimbabwe, kumene anthu anacita kuibweretsa kucokera kutali. Trout imasaka cakudya ndi maso, cotero madzi amatope saikomera.

Kuswana kwace nkotere. Yaikazi imafuna malo osaya a nsangalabwi, nikumba kadzenje ndi mcira wace, niikiramo mazira. Yaimuna ikathirapo mbeu yace, yaikazi imakwirira mazirawo ndi timiyala. Madzi ayenera kuyenda pakati pa timiyalato usana ndi usiku kwa masabata angapo, kufikira tiana titabadwa. Cisaco cikauma, mazira amafa.

Mu 1964 anthu a boma anaika trout za mtundu wa rainbow m'mtsinje kumunsi kwa khoma, pa mtunda wa makilomita 25 wofika pa dooko lakale lochedwa Lees Ferry. Zinapeza cakudya cambiri, nizikula msanga, ndipo malowo anachuka. Asodzi anayamba kufika kucokera kutali, ndipo eni mabwato, eni nyumba za alendo ndi anthu olondolera asodzi anapeza nchito. Ambiri a asodzi amenewa sagwiritsa nyongolotsi. Amamanga tinthenga ndi ulusi pa mbedza kuti ifanane ndi kacirombo, naiponya ndi ndodo yaitali yowifuka kuti madzi aitengere pamene nsomba iri kudikira.

Mtsinje wokwera usana, wotsika usiku

Komatu akulu amati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Magetsi sasungika monga cimanga m'nkhokwe. Amapangidwa pa nthawi yomwe anthu awafuna. Usana anthu a m'mizinda amafuna magetsi ambiri, koma pakati pa usiku amafuna ocepa. Cotero oyang'anira damu anali kutsegula mipope kwambiri usana, naicepetsa usiku.

Kuti kukula kwa kusinthako kumveke, nkwabwino kuyesa madzi ndi mgolo wa malita 200. Cisanafike caka ca 1991, malamulo anali kulola kutulutsa migolo pafupifupi 4,500 pa sekondi imodzi pa nthawi yofuna magetsi ambiri, ndi kutsika kufikira migolo 140 yokha m'nyengo yacisanu. M'malo opapatiza madzi anali kukwera ndi kutsika kuposa msinkhu wa munthu wamtali pa tsiku limodzi.

Zotsatira zace zinali zobvuta. Trout imene inakumba cisa cace madzi ali okwera inali kucipeza ciri pouma m'mawa mwace. Tiana ta nsomba tinali kutsala m'timaiwe ta m'mbali, nitifera momwemo. Ndere za m'mphepete zinali kuuma ndi dzuwa. Msodzi woima pakati pa mtsinje anafunika kucenjera kuti madzi okwera angamdzidzimutse, ndipo bwato lomangidwa madzulo linali kupezeka litakhala pa miyala. Kumunsi, m'Grand Canyon, magombe a mcenga amene apaulendo amagonapo anayamba kukokoloka, pakuti mcenga watsopano unali kutsekeka m'nyanja.

Malamulo atsopano

Anthu atadandaula zaka zambiri, mu 1991 boma linacepetsa kusinthako, ndipo mu 1992 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza Grand Canyon. Mu 1996 kunaikidwa miyeso yakuti masiku wamba madzi asapitirire migolo 3,500 pa sekondi, ndiponso asacepere migolo 1,100 usana kapena 700 usiku. Kunaikidwanso malire a liwiro la kutsegula ndi kutseka mipope.

Zisa zitaleka kuuma, trout zinayamba kuswana zokha mocuruka, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 panalibenso cifukwa coikamo zina caka ndi caka. Koma apa panabuka nkhani yina. Nsomba zinacuruka pamene cakudya sicinaonjezeke, cotero zambiri zinali zazing'ono poyerekeza ndi zimphona za zaka zoyamba zija.

Cigumula copangidwa ndi anthu

Akatswiri anaona kuti mtsinje umafunanso kusefukira nthawi zina. Mu March 1996 oyang'anira damu anatulutsa dala migolo pafupifupi 6,400 pa sekondi kwa masiku asanu ndi awiri, kuti madzi abvundule mcenga wa pansi ndi kuuunjika m'magombe. Anacitanso zotere mu 2004, mu 2008, ndi m'zaka zina kufikira 2023. Anaphunzira kuti cigumula cimagwira nchito bwino ngati cibwera mtsinje wa Paria, umene umathira m'Colorado pafupi ndi Lees Ferry, utangobweretsa mcenga watsopano.

Cigumula ca mu March 2008 cinacita cinthu cimene ambiri sanaciyembekeze. Cinatsuka nsangalabwi, ndipo tizirombo timene tiana ta trout timadya tinacuruka. Caka cimeneco tiana tinapulumuka tambirimbiri kuposa kale.

Akatswiri omwewo anapezanso kuti tizirombo tambiri timaikira mazira ca madzulo, pa miyala ya m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Madzi akatsika usiku, mazirawo amauma, nafa. Tsono kuyambira mu 2018 anayesa njira yina: m'miyezi ya May mpaka August, Loweruka ndi Lamulungu, masiku amene magetsi safunika kwambiri, madzi anali kutulutsidwa ocepa ndi osasinthasintha, kuti mazira a masiku awiriwo akhale onyowa. Anayesa cotero mu 2018, 2019, 2020 ndi 2022.

Mwini mtsinje ndi mlendo

Trout ndi mlendo m'Colorado. Mwini mtsinje ndi nsomba monga humpback chub, ya linunda kumbuyo kwa mutu, imene sipezeka kwina kuli konse koma m'mtsinje umenewu ndi m'nthambi zace. Nsomba imeneyi imafuna madzi ofunda kuti iswane. Madzi atazizira inacepa kwambiri, ndipo yotsalayo inali kuswana makamaka m'kamtsinje kofunda ka Little Colorado. Mu 1967 inalembedwa m'gulu la nyama zimene ziri pafupi kutha.

Trout zikacuruka, zina zimatsika kumunsi, nizidya tiana ta chub ndi kulimbirana nato cakudya. Motero cinthu cokondweretsa asodzi a ku Lees Ferry cikhoza kukhala tsoka kwa nsomba za kumunsi. Pakati pa 2003 ndi 2006 anchito a boma anacotsa trout zikwi zambiri pafupi ndi mathiriro a Little Colorado. Koma anthu a mtundu wa Zuni, amene amaciyesa cigwaco malo opatulika, anakana kuti zamoyo ziphedwe cotero m'menemo, ndipo boma linayenera kumva mau ao. Pambuyo pace, trout za mtundu wina wochedwa brown, zolusa kopambana, zitayamba kucuruka, boma linayamba mu 2020 kulipira asodzi madola 25 pa nsomba iri yonse ya mtunduwo imene aigwira ndi kuicotsa.

Zaka za cilala

Oyang'anira damu sangatulutse madzi monga afunira. Pali pangano la mu 1922 logawa madzi a Colorado pakati pa zigawo zisanu ndi ziwiri, ndipo Lees Ferry ndiye malo oyesera gawo lopita kwa a kumunsi, amene amathirira minda ndi kumwetsa mizinda. Kuyambira caka ca 2000 cilala cinakula, ndipo kumayambiriro kwa 2023 m'nyanja ya Powell munatsala madzi osakwana gawo limodzi mwa magawo anai.

Nyanja ikaphwa, madzi ofunda a pamwamba amayandikira pakamwa pa mipope. Mu 2022 mtsinje unatuluka wofunda kupitirira madigiri 20, ndi mpweya wocepa, ndipo trout zinabvutika. Nsomba yina yolusa yochedwa smallmouth bass, yokonda madzi ofunda, inadutsa m'mipope, niyamba kuswana kumunsi kwa khoma. Pofuna kuiletsa, mu 2024 oyang'anira anatsegula mipope ina inai yokhala pansi mamita ngati 30 kuposa ya magetsi, kuti madzi ace ozizira asanganikirane ndi ofundawo. Mtsinje unazizira ndithu, koma madzi odzera m'mipope imeneyo sapukusa makina, cotero magetsi anacepa, ndipo panafunika ndalama zogulira ena kwina.

Pa mtsinje wa Kafue

M'Zambia mulinso nkhani yofanana ndi imeneyi, ngakhale kuti madzi ace ndi ofunda ndipo mulibe trout. Damu la Itezhi-Tezhi, lomalizidwa mu 1977, limasunga madzi a makina a magetsi a ku Kafue Gorge. Pakati pa malo awiriwa pali madambo akulu a Kafue Flats, kumene nsomba zimaswana m'udzu womira, ndi kumene ng'ombe za Aila ndi Atonga ndi nyama za lechwe zimadya msipu madzi ataphwera. Cifukwa ca zimenezi panaikidwa pangano lakuti m'mwezi wa March damulo lizitulutsa migolo 1,500 pa sekondi kwa masabata anai, kuti madambo asefukire monga kale. M'zaka za mvula yocepa kusunga panganolo kwakhala kobvuta, pakuti madzi omwewo amafunikanso kusungidwira magetsi a m'cirimwe, ndipo asodzi, oweta ng'ombe, alimi a nzimbe ndi anthu a m'mizinda onse amadalira dzanja la munthu wotsegula zitseko za damulo.

Mafunso

1. Kodi ncifukwa ciani madzi otuluka pansi pa damu lozama amakhala ozizira ndi oyera?
2. Fotokozani mmene trout imakonzera cisa cace, ndi cimene cimacitika madzi akatsika usiku.
3. Chulani magulu anai a anthu amene amakhudzidwa ndi katulutsidwe ka madzi pa Glen Canyon.
4. Kodi madambo a Kafue amapindula ciani ndi madzi a m'mwezi wa March?