Nyanja yomwe sitiiona ndiyo imatitumizira mvula ndi namondwe

Usiku wa pa 4 Malichi 2023, nthumwi za mayiko zomwe zidasonkhana kulikulu la United Nations ku New York zidaimirira n'kuwomba m'manja. Mayi Rena Lee a ku Singapore, omwe ankatsogolera zokambirana, adali atangolengeza kuti mayiko amvana pa mawu a pangano loteteza mbali ya nyanja zamchere yomwe ili kunja kwa malire a dziko lililonse. Nkhaniyi idakhala ikukokedwa kwa zaka pafupifupi 20.

Kuno kwathu ndi ochepa adaimva, ndipo palibe wowadzudzula. Tsiku lomwelo namondwe wa Freddy adali pakati pa Madagascar ndi Mozambique, akusonkhanitsa mphamvu. Patangotha sabata imodzi adatera pafupi ndi Quelimane, mvula yake n'kugwa masiku angapo osakata m'chigawo chakummwera. Phiri la Soche lidasanza matope ndi miyala yaikulu ngati galimoto. Ku Chilobwe anthu ankakumba ndi makasu, mafosholo ngakhale manja kufunafuna abale awo. Ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu nyumba zidapita pamodzi ndi minda. Anthu oposa 1,200 adamwalira kapena kusowa m'Malawi muno.

Zomwe zinkachitika ku New York ndi zomwe zidatigwera ku Chilobwe ndi nkhani imodzi. Ambiri a ife sitidaionepo nyanja yamchere, tikamati nyanja timanena ya ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay. Koma Freddy sadabadwire kuno. Adapatsidwa dzinalo ndi akatswiri a zanyengo a ku Australia kumayambiriro kwa Febuluwale, adadutsa nyanja yonse ya Indian Ocean kuchokera kummawa kufika kumadzulo, mtunda woposa makilomita 12,000, ndipo adakhala ndi mphamvu kwa masiku 36. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la World Meteorological Organization lidatsimikiza kuti palibe namondwe wina wodziwika yemwe adakhalitsa choncho.

Chakudya cha namondwe ndi madzi ofunda. Pamwamba pa nyanja pakatentha kufika madigiri 26 kapena 27, nthunzi imakwera yambiri, ikafika m'mwamba imasanduka mitambo n'kutulutsa kutentha komwe kumakoka mphepo ina kuchokera pansi. Chimphepocho chimayamba kuzungulira n'kumadzidyetsa chokha malinga ngati pansi pake pali madzi ofunda. N'chifukwa chake namondwe amafooka akalowa kumtunda, ndipo Freddy atafooka ku Mozambique ulendo woyamba adabwerera kunyanja, kukakhuta, n'kudzatera kachiwiri. Tsono nyanja zikufundirafundira. Mwa kutentha konse koonjezera komwe mpweya woipa wochokera ku malasha, mafuta ndi gasi ukutsekera padziko lapansi, magawo pafupifupi 90 pa 100 alionse akulowa m'nyanja. Nyanja yatisenzera katundu ameneyu kwa zaka zambiri. Gulu la asayansi la World Weather Attribution litafufuza mvula ya anamondwe a kumayambiriro kwa 2022, kuphatikizapo Ana yemwe adawononga malo opangira magetsi a Kapichira, lidapeza kuti kusintha kwa nyengo kudaonjezera kukula kwa mvulayo.

Chilala nachonso chimachokera komweko. El Niño yemwe adaumitsa chimanga mu 2024, mpaka boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndi kufunda kwa madzi a nyanja ya Pacific, kutsidya lina la dziko lapansi.

Tizipangizo tomwe timamira tokha

Ngati pali mgwirizano wa mayiko womwe ukuyenda bwino popanda phokoso, ndi wa kuyeza nyanja. Kuyambira cha m'ma 2000, mayiko pafupifupi 30 akhala akuponya m'nyanja tizipangizo totchedwa Argo. Pano tilipo pafupifupi 4,000, tomwazikana m'nyanja zonse zikuluzikulu.

Kachipangizoka kamaoneka ngati paipi yoimirira yokhala ndi mlongoti kumutu. Kalibe injini yokayendetsa, kalibe munthu wokaongolera. Kamamira kufika mamita 1,000 n'kumangotengeka ndi madzi kwa masiku pafupifupi asanu ndi anayi. Kenaka kamatsikanso mpaka mamita 2,000, n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono kakuyeza kutentha kwa madzi ndi kuchuluka kwa mchere. Njira yake yokwerera ikufananako ndi yomwe nsomba imagwiritsa ntchito: kamapopera mafuta m'kathumba komwe kali kunsi kwake, kathumbako kakafufuma kachipangizo kamayandama, kakaphwa kamamira. Kakatulukira pamwamba kamatumiza zomwe kapeza kudzera pa setilaiti, n'kumiranso. Kamachita izi kwa zaka zinayi kapena zisanu mpaka batire litatha.

Chomwe chimandigwira mtima n'chakuti zomwe tizipangizoti tapeza siziikidwa pansi pa pilo. Zimaikidwa poyera pa intaneti, nthawi zambiri tsiku lisanathe, ndipo aliyense angathe kuzitenga kwaulere, kaya dziko lake lidagulako kachipangizo kaya ayi. Zimalowa m'makompyuta omwe amalosera nyengo. Pa chilumba cha Réunion pali likulu la Météo-France lomwe mayiko adalipatsa udindo wolondola anamondwe onse a kummwera chakumadzulo kwa Indian Ocean n'kumachenjeza mayiko a m'derali. Uthenga womwe nthambi yathu yoona zanyengo imaulutsa pa wailesi kuti anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa asamukire kumtunda umatsamira pa ntchito ya anthu ambiri ngati amenewa. Palibe dziko, ngakhale lolemera bwanji, lomwe likadatha kuyeza lokha nyanja yonse. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili ndi lalikulu kuposa mtunda wonse wa dziko lapansi.

Kuyeza n'kosavuta kugwirizana chifukwa palibe amene amataya kanthu. Mavuto amayamba pakafika nkhani ya nsomba ndi ndalama.

Dambo lopanda mwini

Lamulo lalikulu la zanyanja lidasainidwa ku Montego Bay, m'dziko la Jamaica, mu 1982, n'kuyamba kugwira ntchito mu 1994. Limati dziko lomwe lili m'mphepete mwa nyanja ndilo mwini wa nsomba ndi chuma china kufika makilomita pafupifupi 370 kuchokera pagombe. Limaperekanso ufulu kwa mayiko opanda gombe, monga Malawi ndi Zambia, wofika kunyanja kudzera m'mayiko oyandikana nawo. Mafuta ndi feteleza zomwe zimabwera kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam zimayenda pa mfundo imeneyi.

Kupitirira makilomita 370 aja kuli madzi omwe si a dziko lililonse, ndipo ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nyanja zonse. Mwa dera lonseli, lotetezedwa ndi pafupifupi gawo limodzi pa 100. Aliyense wokulira kumudzi amadziwa zomwe zimachitikira dambo lomwe lilibe mwini: wa ng'ombe zambiri ndiye amadyetsa, udzu ukatha onse amalira limodzi. Zombo zomwe zimatha kupita kutali choncho, kukhala miyezi osabwerera, kuumitsa nsomba m'mafiriji pomwepo, ndi za mayiko ochepa chabe, ndipo zambiri zimayenda chifukwa maboma awo amazithandiza kugula mafuta. Msodzi wa bwato laling'ono ku Angoche kapena ku Pemba sakafika kumeneko, koma nsomba monga tuna sizidziwa malire, ndipo zikatha kutaliko iye ndiye amabwerera ndi ukonde wopanda kanthu.

Palinso chuma china chosaoneka ndi maso. Zamoyo za m'nyanja zili ndi mankhwala m'matupi mwawo. Cytarabine, mankhwala omwe madokotala amagwiritsa ntchito pa khansa ya m'magazi, adapangidwa potengera zomwe asayansi adapeza mu siponji ya m'nyanja ya Caribbean. Kafukufuku yemwe adatuluka mu 2018 adaonetsa kuti mwa majini a zamoyo za m'nyanja omwe adalembetsedwa ngati katundu wa eni, magawo 47 pa 100 adali m'manja mwa kampani imodzi yokha ya ku Germany, BASF, ndipo magawo 98 pa 100 adali a mabungwe a m'mayiko khumi okha. Apa m'pomwe mayiko a mu Africa adalimbira kwambiri pa zokambirana za ku New York, ndipo adali ndi mfundo. Ngati madziwo si a munthu, phindu lake lisakhale la amene ali ndi chombo ndi labotale okha.

Pangano lija lidavomerezedwa pa 19 Juni 2023. Kuti liyambe kugwira ntchito pankafunika mayiko 60 olivomereza mwalamulo, osati kungosaina, ndipo chiwerengerochi chidakwana mu Sepitembala 2025, tsiku loyambira n'kukhala 17 Januwale 2026. Malawi, ngakhale alibe gombe, adali m'gulu la mayiko omwe adalivomereza chiwerengerocho chisanakwane. Panganoli limapereka njira yokhazikitsira malo otetezedwa pakati pa nyanja, limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziziunikidwa kaye zisanayambe, limati phindu la majini aja ligawidwe, komanso kuti mayiko osauka athandizidwe ndi luso ndi zipangizo.

Mfundo ya malo otetezedwa si yachilendo kwa ife. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, m'dera la Mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa m'nyengo yamvula chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Asodzi amachoka pachilumba, nsomba zimaswana, ndipo akadzatsegula amapha zazikulu. Koma Mbenji amatheka chifukwa mfumu ilipo, komiti ilipo, wophwanya lamulo amadziwika dzina ndi mudzi wake, ndipo chindapusa amalipira. Pakati pa nyanja, makilomita mazanamazana kuchokera kumtunda, ndani adzagwira wakuba? Panganoli lilibe asilikali akeake, limadalira dziko lililonse kulanga zombo zomwe zanyamula mbendera yake. Ndipo dziko la United States, lomwe lidasaina panganoli, lidali lisanalivomereze mwalamulo pomwe mayiko 60 aja ankakwana. Ngakhale lamulo la 1982 lija silidalivomereze mpaka lero. M'kuona kwanga, zomwe zidachitika ku New York n'zofunika, koma tidzati zaphula kanthu tsiku lomwe malo oyamba adzatsekedwe ndipo chombo choyamba chophwanya lamulo chidzalandidwe chiphaso.

Madzi a Mudi amakathera kuti?

Nkhani ya magombe ndiyo imatikhudza pafupi kwambiri. Mtsinje wa Shire umathira mu Zambezi, Zambezi n'kukathira m'nyanja kufupi ndi Chinde. Pamathiriro pamenepo pali nkhalango yaikulu ya mitengo ya mangrove, yomwe imamera m'matope a madzi amchere, mizu yake ili poyera ngati zala zotuluka pansi. Madzi akaphwera, m'matopemo mumadzaza nkhanu. Akabwerera, timwana ta nsomba ndi ta prawn timabisala m'mizumo mpaka titakula. Prawn wa ku Sofala, yemwe Mozambique amagulitsa kunja, amakulira m'malo ngati amenewa. Nkhalangoyi imachepetsanso mphamvu ya mafunde namondwe akamatera, ndipo matope ake amasunga mpweya wa kaboni wochuluka kuposa nkhalango zambiri za kumtunda za kukula komweko.

Anthu a m'mphepete mwa Quelimane amadula mitengoyi pofuna makala ndi milimo ya nyumba, monganso ife timachitira ndi mapiri athu, ndipo chifukwa chake n'chimodzi: umphawi. Koma mangrove amavutikanso ndi zochitika kumtunda. Madamu a Kariba ndi Cahora Bassa adasintha kasefukiridwe ka Zambezi ndi kuchuluka kwa dothi lomwe limafika kumathiriro. Mayiko khumi a m'mphepete ndi pa zilumba za kumadzulo kwa Indian Ocean ali ndi pangano lawo la Nairobi Convention la mu 1985 loteteza magombe, ndipo Malawi mulibe. Koma tili m'bungwe la ZAMCOM, la mayiko asanu ndi atatu omwe amagawana madzi a Zambezi, ndipo kumeneko ndiye khomo lathu lolowera m'nkhani ya nyanja.

Imani pa mlatho wa Mudi mu Blantyre mvula yoyamba ikagwa. Madzi amabwera akuda, atanyamula majumbo, mabotolo a zakumwa, matewera a ana ndi zinyalala za pamsika. Zina zimakodwa m'mabango, zina zimapitirira kukafika mu Shire. Pulasitiki saola, amangophwanyikaphwanyika kukhala tizidutswa tomwe nsomba zimameza. Mayiko adakumana ku Busan kumapeto kwa 2024 ndi ku Geneva mu Ogasiti 2025 kuti apange pangano lothana ndi pulasitiki, ndipo maulendo onse awiri adabalalika osamvana, makamaka pa mfundo yochepetsa kupanga pulasitiki watsopano. Zimenezo n'zokhumudwitsa, koma sizitimanga manja. Lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 tili nalo kuyambira mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo lidaligwiriziza mu 2019. Chomwe chakhala chikutivuta ndi kulitsata.

Tidaika dzina la dziko lathu pa pangano la nyanja zakutali, ndipo tidachita bwino. Tsopano aphungu athu afunse boma kuti nthumwi zathu zikukanena chiyani kumisonkhano ya panganoli, ndiponso kuti ana athu angati a ku LUANAR, MUST ndi Mzuzu University adzapindule ndi maphunziro omwe lidalonjeza. Makhonsolo achotse zinyalala m'mphepete mwa Mudi, Lilongwe ndi Likangala mvula isanayambe. Ndipo inu awerengi, mukamapita kumsika mawa, tengani dengu kapena chikwama cha nsalu, jumbo ija muikane.